Mizere ya Feriya

Tinakuikani Lachitatu, Feriya Alufazema,
kumtunda, komwe munkati dothi lake ndi louma mtima.
Makasu anayamba akana kulowa.
Wina anati, "Ndi iwowo, akutsutsa,"
ndipo tinaseka pamaliro, akulu a mpingo akutiyang'ana.

Zaka zanu palibe adaziwerenga bwino.
Chitupa chimati makumi asanu ndi anayi,
inu munkati kalaliki adangoyang'ana mano
ngati akugula mbuzi pa Bangula.
Chomwe munkadziwa n'chakuti chaka cha njala yaikulu
mudali kale wamsinkhu wolowa m'dambo mpaka m'khosi
kukazula nyika ndi zala za kumapazi,
ng'ona ikuwothera dzuwa patsidya.

Mudalima thonje mpaka msana kupindika ngati chikwakwa,
mapira, mchewere,
mbatata za kudimba Shire akabweza nthaka imene adabwereka.
Pobwera kumunda, matope asanaume m'zikhadabo,
munkanyambita pensulo
n'kulemba kuseri kwa malisiti a thonje, kenako m'makope:
yemwe wabadwa, yemwe wasudzulidwa,
yemwe adaoloka Ruo usiku pothawa nkhondo
atasenza makina osokera, mwana ali kumsana,
mtengo wa kilo chaka ndi chaka,
tsiku limene sitima idaleka kulira pa Chiromo.
Pachitseko mudatema mizere ndi mpeni,
uliwonse msinkhu wa madzi a chaka chake.
Wam'munsi udali m'mawondo.
Wapamwamba mudautema mutakwera pamtondo.

Ine ndidakusungirani mangawa, musaiwale.
Pamlandu wa malire ndi a Jofesi
mudatsegula kope pamaso pa anthu
n'kunena kuti malire adali msau, osati bwemba.
Ndidataya mizere khumi ndi iwiri ya dimba la amayi.
Zaka zisanu ndinkakulambalalani pamjigo,
inu n'kumandipatsabe moni mokweza
kuti onse amve kuti sindikuyankha.

Ndiye madzi adabwera usiku osanena odi.
Adatenga Makhanga yathu, nkhokwe, chitseko chija,
ndi makope onse a m'thumba la feteleza.
Kumsasa wa pasukulu, pakati pa matenti ndi udzudzu,
ena ankalira mbuzi, ena malata.
Inu mudandikodola:
"Iwe Maliyeta, langali layamba kunjenjemera. Khala apa."
Mudapempha makope anayi kwa aphunzitsi.
Masabata atatu inu mukunena, ine ndikulemba,
thukuta likudontha papepala:
mayina a m'manda amene mchenga wakwirira kachiwiri,
mudzi uti udali pamlambe uti,
ndani ankaimba valimba paukwati wa ndani.
Pomwe mwaiwala munkati, "Siya malo. Usapeke."
Titafika pamlandu wanga ndidaimitsa bolopeni.
Simudandiyang'ane n'komwe.
"Lemba," mudatero, "udali msau."
Ndidalemba.

Dzulo kunabwera mnyamata wodula nzimbe ku Nchalo,
akufunsa pomwe agona amayi ake.
Anthu anamulozera kwa ine.
Ndinatsegula kope lachiwiri, manja akunjenjemera ngati anu,
n'kumuuza: kuchokera pachitsa cha mgwalangwa,
mapazi makumi atatu kulowera kuzambwe.
Anapita ndi mwala m'manja.
Sindidziwa ngati chitsacho chilipobe.

Patsamba lomaliza ndalemba dzina lanu ndi tsiku.
Pazaka ndasiya malo.
M'munsi mwake ndaika mtengo wa thonje wa chaka chino,
womwe mukadautukwana.

Kuno kumtunda masau sakoma ngati a kwathu,
madzi a pamjigo ndi amchere.
Chitseko changa n'chatsopano, chosalala, chonunkhira utomoni.
Usiku wathawu mphezi zimang'anima kumapiri a Thyolo,
achule ayamba kale phokoso kudambo.
Mpeni wanu uja adaupeza m'matope ana a Jofesi,
anadzandipatsa m'mawa uno, wadzimbiri,
ndipo ndakhala pakhonde ndikuunola.